Kusala kwa Lenti sikukhudza mankhwala anu

Phulusa likangochoka pamphumi, funso limayamba kubwera, ndipo ndi lomwelomwelo chaka ndi chaka. Wina amandiimitsa pakhomo la tchalitchi Misa ikatha, wina amatuma mdzukulu ndi kakalata, wina amanong'oneza akatekisiti kuti akamufunsire. "Bambo, kodi ndikamwa mapiritsi anga m'mawa, ndiye kuti kusala kwanga kwawonongeka?" Ayi, sikunawonongeke. Imwani mapiritsiwo, mwerani madzi, ndipo ngati achipatala anati muzimwa mutadya, idyani kaye. Ofunsawa sanditopetsa. Amene amandisowetsa tulo ndi aja safunsa, amene amangosiya mankhwala mwakachetechete poganiza kuti akukondweretsa Mulungu, ife n'kudzamva nkhani yawo atagona kale pamphasa.

Zimene Mpingo wa Katolika umalamula pa Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, n'zochepa kuposa m'mene ambiri amaganizira. Masiku opunguza chakudya ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Pa masiku amenewa munthu amadya chakudya chokwanira kamodzi, ndipo amaloledwa kulawako pang'ono m'mawa ndi madzulo. Muyeso umenewu anauika ndi Papa Paul VI m'chaka cha 1966, ndipo malamulo a Mpingo a 1983 akuti kupunguzaku kumakhudza munthu amene wakwanitsa zaka 18 kufikira tsiku limene akwanitsa zaka 59. Kusala nyama, pa Lachisanu ndi pa Lachitatu la Phulusa, kumayambira zaka 14. Agogo a zaka 70 amene akunjenjemera pa Njira ya Mtanda chifukwa sanalawe kanthu chim'mawire palibe lamulo limene lawatuma. Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa Mpingo suwasenzetsa katundu ameneyu, ndipo amene ali ndi vuto lina, monga waganyu amene akhale ndi khasu tsiku lonse, bambo mfumu wa parishi ali ndi mphamvu yomumasula kapena kumupatsa ntchito ina yachilapo.

Madzi saletsedwa paliponse. Mankhwala saletsedwa paliponse. Ngakhale pa ola limodzi lija timasala tisanalandire Ukaristia, lamulo la 919 la Mpingo likutchula mwachindunji kuti madzi ndi mankhwala sizili m'gulu la zosalidwa, ndipo likupitiriza kunena kuti okalamba, odwala ndi owadwazika angathe kulandira ngakhale atadya kanthu m'ola limenelo. Ngati Mpingo sukanizira wodwala piritsi lake pamene akupita kukalandira Thupi la Ambuye, ndani amene angamukanize pa Lachisanu wamba la Lenti?

Alipo amene amamukaniza, ndipo achuluka. Amabwera pa WhatsApp, pa wailesi, pa zimkuzamawu za pamsika. Amalengeza masiku 7, masiku 21, ena mpaka 40, osadya osamwa, kuphiri. Amati piritsi ndi umboni woti munthu akukayikira Mulungu. Amagulitsa madzi ndi mafuta amene amati ndi odzozedwa, n'kuuza munthu kuti akataye mankhwala ake kuchimbudzi monga chizindikiro cha chikhulupiriro. Akhristu athu ambiri amapita Misa Lamulungu m'mawa, pakati pa sabata n'kukwera phiri ndi mneneri, ndiye Lenti ikafika amasakaniza ziwirizi m'mutu mwawo mpaka sadziwanso chimene anamva kwa ndani. Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akumbukire za ku Shakahola, pafupi ndi Malindi m'dziko la Kenya, kumene kuyambira mu Epulo 2023 apolisi anafukula mitembo yoposa 400, ana ali momwemo. Mtsogoleri wa mpingo umenewo, Paul Mackenzie, anaimbidwa mlandu wouza anthu ake kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Anthu amenewo sanali amisala. Anali anthu opemphera, odwala, osauka, otopa ndi mavuto, ngati omwe timakhala nawo pa benchi imodzi.

Pali mayi wina amene nkhani yake sinandichokebe mumtima. Anali wamasiye, wa m'bungwe la Amayi Achikatolika pa tchalitchi china cha kunthambi, ndipo ankalera adzukulu awiri. Anakhala zaka zambiri akumwa ma ARV, thupi lili bwinobwino, akulima yekha, akutsogolera nyimbo pa maliro. Chaka chimenecho, Lenti itangoyamba, mnzake anamutengera kwa mneneri wina amene anamuuza kuti matenda ake atha ndithu ngati asala masiku 21 n'kusiya mapiritsi, chifukwa sangatumikire ambuye awiri. Anasala. Atatsika kuphiriko anali wowonda koma wosangalala, ndipo a mumphakati mwake, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, ankamutama kuti mayi uyu ndiye wagwira Lenti yeniyeni. Pasaka inadutsa, mapiritsi sanayambirenso. Tsiku lake lokatenga mankhwala linadutsa, ndipo manyazi anamugwira, akuopa kuti akafunsidwa kumene anali. Nthawi yozizira anayamba kutsokomola, kenaka mutu wosaleka. Abale anayamba apita naye kwa mneneri yemwe uja, amene anati ndi mdierekezi akulimbana ndi machiritso ake ndipo afunika kusalanso. Kuchipatala anakafika atamunyamula, khosi litauma.

Anandiitana usiku kuti ndikamudzoze. Ankatha kuyankhula pang'ono, ndipo pamaso pa ana ake anandifunsa ngati wachimwa povomera kuti anamwino amupatsenso mankhwala. Munthu akufa, nkhawa yake n'kukhala yoti mwina walakwira Mulungu pomeza piritsi! Ndinamuuza kuti sanachimwe, kuti Mulungu yemwe amene ankamuimbira nyimbo ndiye anamusunga zaka zonse zija kudzera m'mapiritsi omwewo. Anamwalira patangopita masiku ochepa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu ankadziwa. Amayi anzake ankadziwa kuti wasiya mankhwala, atsogoleri a mphakati anamva mphekesera, koma aliyense ankati ndi nkhani ya iye ndi Mulungu wake, n'zosalowerera. Miyezi yonse ija panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala naye pansi n'kumuuza kuti, "Amayi, tiyeni ndikuperekezeni mawa." Mneneri uja pamaliro sanabwere. Adzukulu aja anawagawana achibale, wina kuno wina uko.

Ine si dokotala, koma zimene anamwino a m'zipatala zathu za mishoni amatichenjeza chaka chilichonse n'zomveka ndipo ndizibwereza. Ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano ndi piritsi limodzi patsiku, ndipo munthu akalisiya kachilombo kamayambanso kuchulukana ngakhale iye akudzimva bwino. Wodwala matenda a shuga amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, akamwa mankhwala n'kukhala osadya, shuga amatsika mwadzidzidzi: amayamba thukuta, kunjenjemera, chizungulire, kuyankhula zosokonekera, kenaka amakomoka. Zikachitika pa Njira ya Mtanda, musamuzungulire n'kuyamba kutulutsa ziwanda. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera msangamsanga. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye kuchipatala. Wakhunyu akadumphitsa mankhwala amagwa, ndipo kwathu kuno amagwera pamoto kapena pamtsinje. Wa BP akasiya, angathe kufa ziwalo. Wa TB akadula pakati miyezi 6 yake, matenda amabwerera, ndipo nthawi zina amabwera osamvanso mankhwala oyamba aja. Aliyense wa amenewa, ngati akufunitsitsa kupunguza chakudya, ayambe wafunsa kuchipatala kumene amalandirira mankhwala. Ndipo ngati mwasiya kale, musadikire Pasaka, musadikire kuti manyazi athe. Pitani mawa m'mawa, mukanene zoona za tsiku limene munasiya.

Ena amanditsutsa ndi Malembo, amati Yesu anasala masiku 40. N'zoona, ndipo timawerenga nkhaniyi pa Lamulungu loyamba la Lenti. Koma werengani mpaka pamene Satana akumuimika pamwamba pa Nyumba ya Mulungu n'kumuuza kuti adziponye pansi, angelo amuwakha. Yesu anakana, anati usamuyese Ambuye Mulungu wako. Kuuza wodwala kuti ataye mankhwala kuti aone ngati Mulungu amuchiritsa ndi mayesero omwewo, ndipo mawuwo timadziwa amene anawayamba. Buku la Yesu mwana wa Sira, pa mutu 38, likutiuza kuti tilemekeze sing'anga, kuti Ambuye ndiwo analenga mankhwala kuchokera m'nthaka, ndipo munthu wanzeru sawanyoza.

Palinso china chimene alaliki a masiku 21 saganizira. Lenti kwathu kuno imagwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo, nthawi imene nkhokwe zambiri zili gwa, chimanga chikadali m'munda, mitengo pamsika itakwera. Mabanja ambiri m'maparishi akumudzi akudya kale kamodzi patsiku, ena akugonera maungu kapena chimanga chachiwisi. Munthu wotere ukamuuza kuti asale nyama, umakhala ukumuuza asale chinthu chimene anachilawa komaliza pa Khirisimasi. Ukamuuza kuti apunguze chakudya, apunguza chiyani? Ndimakwiya ndikamva kuti mayi woyamwitsa, amene ndiwo zake ndi chisoso ndi nkhwani, wadzimana phala la m'mawa chifukwa wina wamuopseza ndi moto wa kugehena. Kusala kwa Lenti kumayenera kugwira kwambiri ife amene tili ndi chodya, ansembe tili momwemo. Ndipo kwa ife a m'tauni ndi pa maboma, kusiya nyama ya mbuzi pa Lachisanu n'kukagula chambo chodula kuposa nyamayo sikudzimana ayi.

Pa Lachisanu lotsatira Lachitatu la Phulusa timamva Yesaya 58, pamene Mulungu akukana kusala kwa anthu amene akusala uku akuzunza antchito awo ndi kukangana, n'kunena kusala kumene iye akufuna: kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira osowa pogona, kuveka amaliseche. Choncho funso limene ndimafunsa munthu akandiuza kuti wasala ndi lakuti, chimene mwasalacho wadya ndani? Ngati mwasiya mowa, ndalama ya mowayo ili kuti? Ngati mwasiya kubetcha pa mpira, kapena mwachepetsa bandulo ya foni, ipite ku ufa wa agogo aja okhala okha kuseri kwa sukulu. Ngati muli ndi wantchito wapakhomo amene simunamulipire miyezi iwiri, Lenti yanu iyambire pamenepo. Ngati muli ndi ngongole ya waganyu amene anakupalirirani munda mu Januwale, bwezani sabata ino, chifukwa iye akusala mokakamizidwa ndi inu.

Miphakati, imene kumwera ambiri amati malimana, inakhazikitsidwa chifukwa cha ntchito ngati imeneyi. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe ankailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, cholinga chinali chakuti Mpingo ukhale pamene anthu akukhala, kuti wodwala ndi wanjala adziwike kwa anansi ake okhulupirira. Lero miphakati yambiri imakumana kuti itolere mtulo ndi kukonza za ulendo wa kwaya basi. Tinaona mu Marichi 2023, Lenti ili mkati, namondwe wa Freddy atagumula Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, kuti akhristu amatha kutulutsa zovala, ufa ndi mabulangete mosawerengera. Mtima umenewo ulipo. Ukungofunika kuti uzigwira ntchito ngakhale pamene tsoka lake ndi la khomo limodzi, lopanda atolankhani. Ndipo tisaiwale kuti kalata ya maepiskopi athu imene inagwedeza dziko lino inawerengedwa pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndipo inkanena za malipiro a anthu osauka, sukulu, zipatala ndi ufulu woyankhula. Amene anaiwerenga pa maguwa tsiku limenelo anadzimana mtendere wawo weniweni.

Tsono kuchedwa. Timachedwa kuchipatala, timachedwanso ku masakramenti. Lamulo likuti munthu alape machimo ake aakulu kosachepera kamodzi pachaka, ndipo ambiri amamva ngati likuti adikire Lachinayi Loyera. Parishi ya matchalitchi a kunthambi ochuluka, ansembe awiri, misewu yamatope a mvula ya Marichi, ndiye anthu mazanamazana afole tsiku limodzi, aliyense akufuna kumvedwa bwino. Sizitheka, ndipo amene ali ndi nkhani yolemera, ya banja losweka kapena ya chidani cha munda, ndi amene amabwerera osathandizidwa mokwanira. Bwerani m'masabata oyambirira, pamene wansembe ali ndi nthawi yokhala nanu pansi. Chimodzimodzinso kudzoza odwala. Sakramenti limeneli ndi la munthu amene wadwala kwambiri kapena wafooka ndi ukalamba, ndipo angathe kulilandira kangapo. Musadikire kuti asiye kuyankhula ndiye muziimba foni pakati pa usiku. Wodwala amafuna kulapa, kulandira Ukaristia, ndi kumva mapemphero akadali ndi nzeru zake.

Kwa atsogoleri a miphakati ndikupempha chinthu chimodzi chisanafike Lamulungu lachiwiri la Lenti. Yenderani okalamba, odwala ndi amayi oyembekezera a m'dera lanu, khomo ndi khomo, muwauze momveka kuti kupunguza chakudya sikuwakhudza ndipo mankhwala sasalidwa. Simukufunika kufunsa munthu matenda ake, ndipo chimene wakuuzani mwachinsinsi chisakamveke pa chitsime. Koma mukamva kuti wina wakwera phiri n'kusiya mapiritsi, pitani kwa iye tsiku lomwelo, muyankhule naye mwaulemu, mudzipereke kumuperekeza kuchipatala. Akakana, dziwitsani akatekisiti kapena bambo mfumu sabata yomweyo kuti tibwere tidzayankhule naye.