Khola la nkhuku kuno kuchigwa: mitengo kapena pulasitiki?

Funso limeneli layamba kutipeza pafupipafupi ife alangizi a ziweto, makamaka kuchokera kwa anthu a pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula amene amasunga nkhuku khumi kapena makumi awiri kuseri kwa nyumba. Ena aona pa Facebook timakola tapulasitiki tokongola togulitsidwa ku South Africa, ena ali ndi lona lomwe analandira nthawi ya madzi osefukira ndipo akufuna kukutira nalo khola. Ine ndimayamba ndawafunsa za kutentha, chifukwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno dzuwa ndilo limalamula.

Nkhuku situluka thukuta. Thupi lake limakhala pa madigiri pafupifupi 41, ndipo ikatenthedwa imayasama kukamwa, kupuma mwawefuwefu ndi kugwetsa mapiko. Kunja kukangopitirira madigiri 30 imayamba kudya pang'ono, mazira amachepa, chigoba cha dzira chimapyapyala. Tsono kuno mu Okutobala ndi Novembala timafika madigiri 40, nthawi zina kuposa. Mukatsekera nkhuku m'khola lokutidwa ndi lona kapena pepala lakuda lapulasitiki, mpweya wotentha umene zikupuma ulibe kotulukira, chinyezi chimachuluka, fungo la zitosi limayamba kuyabwa m'maso. Zoyamba kufa zimakhala zonenepa ndi zoikira, zomwe mumadalirazo. Timakola togula tija mazenera ake ndi ting'onoting'ono. Mtengo wake nawo, mukaphatikiza thiransipoti, mukhoza kumanga makola a nsungwi angapo.

Dzuwa lomwelo limadya pulasitiki. Lona likakhala panja limayamba kuchita mbuu, kenako limathetheka, ndipo nkhuku zimajompha tizidutswa take.

Pulasitiki ali ndi ubwino umodzi waukulu umene sindingaubise. Utitiri ndi nkhupakupa za nkhuku sizikhala pathupi pa nkhuku tsiku lonse. Masana zimabisala m'ming'alu ya mitengo, kunsi kwa makungwa, m'mfundo za zingwe ndi m'udzu wa chisa, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi. Mukaona nkhuku zikukana kulowa m'khola madzulo, lipombo layera, kapena thadzi lathawa mazira lisanaswe, tengani tochi usiku, mupukute kunsi kwa mtengo wogonapo ndi kansalu koyera. Timizere tofiira pansaluyo ndi magazi a nkhuku zanu. Tizilombo timeneti timatha kukhala miyezi osadya, choncho kutulutsa nkhuku kwa sabata imodzi sikuthandiza. Pa pulasitiki wosalala zimasowa pobisala, ndipo madzi otentha ndi sopo zimakwanira. Pamtengo pamafunika khama.

Khamalo si lalikulu kwenikweni ngati munamanga mwanzeru. Sendani makungwa onse musanazike kapena kukhoma mtengo uliwonse. Mitengo yogonapo isakhomedwe ndi misomali, ingokhazikidwa pamphanda kuti muzitha kuichotsa, kuiwaula pamoto pang'ono ndi kuibwezera. Pakani laimu m'kati kuti atseke ming'alu. Udzu wa m'chisa utenthedwe thadzi likangoswa. Panja pakhale malo a mchenga wosakaniza ndi phulusa pomwe nkhuku zizisamba fumbi.

Mdani wina wa khola la mitengo ndi chiswe, ndipo apa kusankha mtengo ndiye nkhani. Tsanya salowa chiswe msanga, aliyense kuno amadziwa, koma watha ndi makala, ndipo kukadula ku nkhalango yotetezedwa ya Lengwe ndi mlandu. Nimu tili naye wambiri m'midzi ndi m'misewu, ndipo nthambi zake zokhwima zimapirira ndithu. Bulugama amafuna kumuteteza: waulani mbali yolowa pansi mpaka ide, kapena ipakeni oilo wakutha wa galimoto. Oiloyo athere kumiyendo ya khola basi, asafike pogona nkhuku kapena podyera. Nsungwi dulani zokhwima nthawi ya chilimwe, muziviike m'madzi masabata angapo, zikatero sizifumbwa msanga.

Khola lenilenilo likhale lam'mwamba, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, pamthunzi wa mtengo ngati ulipo. Pansi pake yalani nsungwi zong'alula motalikirana ngati kukula kwa chala, kuti zitosi zizigwa ndi mphepo izilowa kuchokera kunsi, koma phazi la nkhuku lisakodwe. M'mbali musamate ndi dothi mpaka kumwamba. Bango, nsungwi kapena waya wa nkhuku zimalola mphepo kudutsa. Denga la udzu kapena la mlaza limazizira kuposa malata, ndipo lituluke kunja mokwanira kuti dzuwa la masana ndi mvula yamphepo zisalowe. Nkhuku iliyonse ipeze malo a masentimita 20 kapena 25 pamtengo wogonapo, chifukwa zikathithikana usiku zimatenthetsana zokha. Pamiyendo ya khola vekani zidutswa za malata zopindidwa moyang'ana pansi kuti makoswe ndi njoka zilephere kukwera, ndipo thirani phulusa mozungulira chifukwa cha linthumbu. Ng'azi ndi vumbwe zimafuna chitseko cholimba, osati chiguduli.

Pulasitiki musamutaye ayi, mungomupatsa ntchito zomuyenera. Beseni lakale lomwe labooka ndi chisa chabwino kwambiri, chifukwa mumalitulutsa n'kulitsuka. Chigubu chodula pakati chimakhala chomwera, ndipo madzi ake azikhala pamthunzi ndi kusinthidwa akafunda, popeza nkhuku simwa mokwanira madzi otentha. Pepala lapulasitiki likhoza kuyalidwa kunsi kwa udzu wa denga kuti lisadonthe, bola m'mbali mukhale motsegula. Lona lija lipachikeni mbali imodzi yokha m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene mwera ukuwomba usiku, makamaka ngati muli ndi anapiye, kukacha n'kulipinda.

Kwa inu a ku Makhanga ndi madera ena a m'mphepete mwa Shire ndi Ruo, pali chinanso. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anatenga nyumba zathunthu, ndiye khola la mita imodzi silikanapulumuka. Limateteza ku madzi ongodikha pabwalo ndi matope. Chenjezo likabwera, chimene chimapulumutsa nkhuku ndi dengu kapena kreti lapulasitiki lokhala ndi mabowo, lopepuka, loti mumanga panjinga kapena kukweza m'bwato. Likhale pafupi dzinja lisanayambe.

Pomaliza pake pali chitopa, chomwe sichisankha khola. Kaya ndi la nsungwi kaya ndi lapulasitiki, chikalowa m'mudzi chimasesa. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 amadonthezedwa kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, miyezi inayi iliyonse. Funsani mlangizi wa ziweto wa dera lanu tsiku limene adzatemere, ndipo m'mawa wa tsikulo musatsegule khola mpaka atafika.