Kukajambula zovala ku Kasungu muli mlendo

Matelala ndi okonza mafashoni akandiitana kuti tikajambule zovala zawo kunja kwa Lilongwe, ambiri amafika ndi chithunzi cha malo chomwe aona pa Facebook. Ine ndimavomera, koma ndimawauza kuti ndiyamba ndapita ndekha kutatsala tsiku limodzi. Chithunzi cha pafoni sichikuuzani kuti dzuwa limatulukira mbali iti, kuti msewu uli ndi fumbi lotani, kapena kuti malowo mwini wake ndani.

Kasungu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M1. Mukafika, pezani wakabaza mmodzi wachikulire pang'ono, mugwirizane mtengo wa tsiku lonse, muziyenda naye. Malo aliwonse omwe akusangalatsani mukawaone pa ola lomwelo lomwe mudzajambulire mawa lake. Khoma lomwe likuwala bwino m'mawa limakhala mumdima madzulo. Phiri la Kasungu nalo limasintha nkhope malinga ndi mbali yomwe mwaima.

Dzuwa la kuno lili ndi khalidwe lake. Tili pafupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi, choncho limakwera msanga ndi kulowa msanga, ndipo kuwala kofewa kuja, kwa m'mamawa ndi kwa chakumadzulo, sikupitirira ola limodzi. Mu June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo pofika hafu pasiti faifi lalowa. Kumapeto kwa October ndi pakati pa February limadutsa paliwombo penipeni. Masana a masiku amenewo maso a wovala amalowa mumthunzi, mphuno imagwetsa mthunzi pamlomo, thukuta limanyezimira pamphumi. Choipa kwambiri ndi diresi yoyera pa khungu lakuda: mukatchera kamera kuti nkhope ioneke, nsalu imasanduka mbuu, ulusi wonse womwe telala anavutika nawo osaonekanso, mukatchera nsalu, nkhope imada bii. Mankhwala ake ndi kulowa mumthunzi wa khoma kapena wa khonde, wina n'kugwira nsalu yoyera patsogolo kuti ibwezere kuwala kunkhope. Mthunzi wa mango musaukhulupirire. Umaoneka wabwino ndi maso, koma umasiya mawangamawanga pa chovala ndipo masamba amapaka khungu kubiriwira.

Nyengo yomwe ndimaikonda ndi May mpaka July, mvula itatha, kumwamba kuli mbee. Kuyambira August mpaka October kumakhala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi. Dzuwa la madzulo limafiira mokongola, koma phiri limabisika ndipo mphepete mwa siketi mumafiira pasanathe mphindi khumi. Tengani mkeka woti wovala aziimapo podikira, ndi nsapato zoyendera zosiyana ndi zojambulira.

Nkhani yomwe ndimafuna kuti muimve bwino ndi ya malo a eni. Ulendo wanga woyamba ndinaona nkhalango yokongola kunja kwa tawuni, mitengo ikuluikulu yachilengedwe itaima pakati pa minda ya fodya yopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mtima unagunda, ndinati ndapeza malo. Ndikutulutsa kamera m'chikwama, wakabaza uja anandigwira mkono.

"Achimwene, kumeneko ndi kumanda. Musaloze n'komwe kamerayo."

M'midzi yambiri ya Achewa mitengo yatha ndi nkhuni, makala ndi zigafa, koma ya kumanda sadula. Ndiye kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi kawirikawiri ndi manda, ndipo nthawi zambiri dambwe la Gule Wamkulu limakhala komweko. Tangoganizani mtsikana atavala thalauza yothina, akuseka, atatsamira mtengo wa pamanda a agogo a anthu. Umenewo ndi mlandu wa kwa amfumu, ndipo eni mudzi akakwiya sakulakwa. Mukakumana ndi zilombo panjira, patukani, kamera ikhale m'chikwama mpaka eni ake atalola. Malo alionse a kumudzi, kaya ndi chigafa chakale, dimba kapena mwala, yambani mwafika kwa amfumu kapena kwa mwini munda, mufotokoze chomwe mwadzera, musonyeze zovala zomwe zivalidwe, ndipo musapite chimanjamanja.

M'tawuni namo muli eni. Mumsika lankhulani ndi atcheya a msika, ndipo amayi ogulitsa tomato omwe aonekere kumbuyo afunseni kaye. Si zokongoletsera chithunzi chanu. Pafupi ndi polisi, ndende kapena bwalo la ndege musajambule. Bwalo la ndege la Kasungu ndi pomwe boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati, mu 2017, koma izi sizikupatsani ufulu woulutsa drone yanu popanda chilolezo. Ofuna Kasungu National Park ndi damu la Lifupa akonzekere kulipira pachipata ndi kumvera oyang'anira nyama: kuli njovu ndi mvuu, sikotsika galimoto paliponse.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimagwetsa ntchito. Mabatire onse atchajidwe usiku, magetsi akadalipo. Zovala zisitidwe madzulo ndi kupachikidwa m'matumba. Nsimbi yamakala ikhale pafupi. Wovala apezeredwe posinthira pabwino, chipinda cha pa resitihausi kapena nyumba yomwe mwapempha, chifukwa ana akangoona kamera amasonkhana ngati pali ukwati, ndipo mtsikana wosinthira kuseri kwa chitenje anthu akuyang'ana nkhope yake imauma tsiku lonse. Wopaka zodzoladzola ayambe ntchito 4 koloko m'bandakucha, kuti dzuwa likamasuzumira diresi yoyamba ikhale itavalidwa kale, wakabaza uja ali pageti.