Chipangizo chimakhwima liti, ndipo mainjiniya ayambire pati?

Setilaiti, ndege kapena makina opangira magetsi zimakhala ndi zipangizo zikwizikwi, ndipo sizikhwima tsiku limodzi. Batire ikhoza kukhala yoti yagwirapo ntchito zaka khumi, pomwe kachipangizo koyeza kutentha kakadali pa tebulo la mu labotale. Ndalama ndi nthawi sizingakwanire kuyesa zonse mofanana. Ndiye choyamba n'chiti?

Muyeso wa kukhwima kwa zipangizo womwe ambiri amatsatira unachokera ku NASA, bungwe la ku America loona za kafukufuku wa mumlengalenga. Stan Sadin anauyamba mu 1974, ndipo poyamba unali ndi masitepe 7. Mu 1995 John Mankins anaufotokoza uli ndi masitepe 9, omwe akugwira ntchito mpaka lero. Dzina lake ndi Technology Readiness Levels, mwachidule TRL.

Masitepe atatu oyamba ndi a maganizo: mfundo yasayansi yaoneka, njira yoigwiritsira ntchito yalembedwa, kenako kuyesa kochepa kwasonyeza kuti n'zotheka. Pa 4 chipangizo chagwira ntchito mu labotale. Pa 5 ndi 6 mpamene pali thukuta, chifukwa chiyenera kuyesedwa m'malo ofanana ndi komwe chikupita. Chipangizo cha setilaiti amachimangirira pa tebulo logwedeza lomwe limatsanzira kunjenjemera kwa roketi, kenako n'kuchitsekera m'chipinda chopopedwa mpweya wonse, n'kumachitenthetsa ndi kuchiziziritsa mobwerezabwereza. Apa mpamene zowotcherera zimang'aluka, mabawuti n'kumasuka. Pa 7 chitsanzo chayesedwa kumalo enieni, pa 8 makina omaliza apambana mayeso onse, pa 9 agwira ntchito yeniyeni.

Koma nambalayi si chizindikiro chobadwa nacho. Imanena za chipangizo pamodzi ndi malo omwe chinayesedwa. Mukasintha malo, nambala imatsika, ngakhale simunakhudze waya ndi mmodzi yemwe.

Roketi ya Ariane 5 inaphunzitsa anthu zimenezi pa 4 Juni 1996. Pulogalamu ya kompyuta yoyeza kayendedwe kake inatengedwa ku Ariane 4, komwe inali itauluka bwinobwino kambirimbiri. Koma Ariane 5 inkathamanga cham'mbali mofulumira kuposa inzakeyo. Nambala ina yokhudza liwirolo inakula kupitirira 32,767, pomwe malo oisungira anathera, ndipo kompyuta inaima. Kompyuta yachiwiri yothandizira pangozi inali ndi pulogalamu yomweyo, choncho nayonso inagwa m'dzenje lomwelo. Patangopita masekondi pafupifupi 40 roketi inaphulika, masetilaiti anayi a Cluster omwe inanyamula n'kuthera pomwepo. Chowawa n'chakuti gawo la pulogalamu lomwe linalakwalo linalibe ntchito pa Ariane 5 ikanyamuka.

Posankha choyambira, cholakwika chofala ndi kuphatikiza nambala zonse n'kugawa. Zipangizo 9 zili pa sitepe 9, chimodzi chili pa 3: mukagawa mupeza 8.4, lipoti n'kuoneka lokongola. Zoona zake makinawo ali pa 3, ngati chimodzicho chili choti popanda icho palibe choyenda.

Choncho pa chipangizo chilichonse funsani zitatu. Chatsala ndi masitepe angati? Chikafa, makina onse aima kapena angotsimphina? Nanga chikalephera mayeso, kupanga china kudzatenga miyezi ingati? Funso lachitatuli ambiri amaliiwala. Galasi lomwe limatenga chaka kulisalaza liyenera kuyambidwa msanga kuposa kabokosi ka magetsi komwe mungakonzenso m'masabata awiri, ngakhale kabokosiko kali pa sitepe yotsikirapo.

Ena amagwiritsa ntchito njira ya FMEA, younika vuto lililonse lomwe lingachitike: kukula kwa ngozi, kuchuluka kwa mwayi woti ichitike, ndi kuvuta kwa kuizindikira, chilichonse amachipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10, n'kuchulukitsa. Ndi yothandiza, koma samalani nayo. Vuto lopha anthu lopatsidwa 10, 2 ndi 2 limatuluka 40, pomwe vuto longotopetsa la 4, 5 ndi 5 limatuluka 100. Mukangotsatira zotsatirazo, mukonza chotopetsa n'kusiya chakupha. N'chifukwa chake chilichonse chokhala ndi 9 kapena 10 pa kukula kwa ngozi chimayenera kuonedwa pachokha.

Palinso polumikizira. Mu 1999 chombo cha Mars Climate Orbiter, chomwe NASA inatumiza ku pulaneti ya Mars, chinatayika chifukwa pulogalamu ina inkapereka mphamvu m'muyeso wa mapaundi pomwe inzake inkayembekezera muyeso wina, wa ma newton. Polumikizira paliponse, kaya ndi pulagi, paipi kapena uthenga wa pakati pa makompyuta awiri, pamafunika mzere wakewake pa ndandanda, ndi munthu wodziwika wopayang'anira.

Nanga nambala ya TRL apereke ndani? Asakhale wopanga chipangizocho, poti fisi sagawa nyama. Apereke munthu wapadera, atagwira lipoti la mayeso m'manja: tsiku, kutentha komwe kunafikidwa, maola omwe chinayenda, ndi zomwe zinathyoka. Ngati lipotilo palibe, chipangizocho chibwerere pa sitepe yomaliza yomwe ili ndi umboni.