Chiyambi cha msampha wotchedwa Catch-22

Wachinyamata aliyense wa mu Lusaka amene wathetsa nsapato ndi kuzungulira m'maofesi a mu Cairo Road atanyamula makalata ofunsira ntchito amaudziwa msampha uwu: sangamulembe ntchito chifukwa sanagwirepo ntchito, ndipo sangagwirepo ntchito chifukwa palibe womulemba. Ophunzira amautcha Catch-22, koma ambiri mwa iwo sadziwa kuti dzinali ndi mutu wa buku la nkhondo limene Joseph Heller wa ku America anatulutsa mu 1961.

Heller sanailembe nkhondo mongomva kwa anthu. Mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anali woponya mabomba mu ndege ya mtundu wa B-25, ndipo anauluka maulendo 60 kuchokera pachilumba cha Corsica kukaphulitsa milatho ndi malo ena a adani. Anayamba kulemba bukuli mu 1953, ndipo poyamba mutu wake unali Catch-18, koma unasinthidwa chifukwa m'chaka chomwecho cha 1961 Leon Uris ankatulutsa buku lake lotchedwa Mila 18.

Lamulo lenilenilo la Catch-22 m'bukuli, limene limavutitsa msilikali wotchedwa Yossarian, limati wamisala sayenera kutumizidwa kukaponya mabomba, bola apemphe yekha kuti amupumitse. Koma akangopempha, waonetsa kuti akuopa kufa, ndipo woopa kufa mutu wake uli bwinobwino, choncho akwere ndege basi. Pamwamba pa izi, mkulu wawo Cathcart, pofuna kukwezedwa paudindo, amangowonjezera chiwerengero cha maulendo nthawi iliyonse imene anyamata ake atsala pang'ono kubwerera kwawo. Ine ndimaona kuti kukoma kwa bukuli kwagona pamenepa, poti munthu umaseka mpaka misozi, kenaka n'kuzindikira kuti amene akupha anyamatawa ndi mabwana awo omwe, okhala pamipando ndi zolembera m'manja.

Ena amati si ulemu kuseka nkhani za nkhondo imene inapha anthu ochuluka chotere, ndipo kuno kwathu mawu awo sitingawataye, pakuti nkhondoyo inatengako ndi agogo athu. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland mu 1940, kenaka anawoloka nyanja kupita ku Burma, n'chifukwa chake mu Lusaka muno muli msewu wa Burma Road ndi kampu ya asilikali ya Arakan, mayina amene makondakitala a mabasi amawatchula tsiku ndi tsiku.