Lenti ya 1992 mu Mzuzu: abusa awiri ndi mkangano umene sunathe

Chaka chilichonse ikafika Lenti, kapena maepiskopi akangotulutsa kalata, mkangano wakale umayambiranso m'minibasi za ku Chibavi ndi ku Luwinga mpaka pa WhatsApp. Ena amati mbusa azilalikira za kumwamba, mitengo ya chimanga ndi feteleza aisiyire andale. Ena amati munthu wanjala sangamve ulaliki. Mu Mzuzu nkhaniyi ili ndi mbiri yake, ndipo pachimake pake ndi masabata ochepa a Malichi ndi Epulo 1992.

Za kale tingodutsamo msanga. Mzuzu ndi mzinda wa dzana, unakulira pa esiteti ya tung (mitengo yopangira mafuta) ya m'ma 1940 ndipo unakhala mzinda mu 1985. Mipingo iwiri ikuluikulu, Sinodi ya Livingstonia ya CCAP ndi Dayosizi ya Katolika ya Mzuzu, inali itazolowera kale kuyendetsa sukulu ndi zipatala kumpoto. Choncho wansembe kapena mbusa wa kuno ankawadziwa mavuto a anthu pa maso. Mu 1989 boma litalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kubwerera kwawo, mabanja amenewo anadzagogoda pa makomo a abusa omwewa.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Anthu ambiri lero amaikumbukira ngati kalata yofuna matipate, koma mukaiwerenga modekha mupeza kuti mbali yaikulu ikukamba za malipiro ochepa a antchito, mitengo yozizira imene alimi ankagulitsira mbewu, ana odzadzana m'kalasi, zipatala zoperewera, ndi anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ndi nkhani zomwe zija wansembe amamva akamayendera odwala. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, ndipo nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto.

Amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu nthawi imeneyo anali Monsignor John Roche, wa ku Ireland. Boma linaloza chala iye kuti ndiye mwini nzeru, ndipo pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo, anamulamula kutuluka m'dziko. Apa pafunika kusamala. Mawu a boma anali ndi cholinga chake: kunena kuti mzungu ndiye wawapusitsa kunali kosavuta kuposa kuvomera kuti Arkiepiskopi James Chiona, Felix Mkhori, Allan Chamgwera ndi anzawo, Amalawi enieni, anasaina ndi manja awo. Olemba mbiri ya mpingo sakana kuti Roche anatengapo mbali pokonza kalatayo, koma amatsindika kuti inali ya onse. Ine ndimakhulupirira kwambiri mbali yachiwiriyi, chifukwa palibe episkopi amene anabweza mawu ake Roche atachoka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chimene chinachitika patangopita masiku ochepa, kumpingo wina. Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito amene ankafuna matipate, anali atamangidwa kale pa 6 Epulo, mantha ali ponseponse. M'busa Aaron Longwe wa CCAP mu Mzuzu anakwera pa gome n'kulalikira kuchokera pa Mika mutu 7. Tsegulani Baibulo muone chimene anthu anamva tsiku limenelo. Mneneri akudandaula kuti olungama atha m'dziko, kuti kalonga ndi woweruza akufuna ziphuphu, ndipo akuchenjeza kuti usakhulupirire mnansi kapena bwenzi, usunge pakamwa ngakhale kwa mkazi wogona pambali pako. M'masiku amene munthu sankalowa mumsika popanda kadi ya chipani, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa benchi pomwepo pangakhale kazitape, mavesi amenewo sanafune kumasulira kwambiri. Longwe anamangidwa, ndipo m'miyezi yotsatira apolisi anamutenganso kangapo. Mabungwe a ufulu wa anthu akunja analemba za iye, ndipo nkhani zawo zikugwirizana ndi za anthu a mpingo pa mfundo yaikulu, yoti mlandu wake unali ulaliki.

Roche anali ndi kwawo kopita. Longwe analibe, ankagona mu Mzuzu momwemo, apayoniya akudziwa khomo lake. Komanso anali m'busa wa Sinodi ya Livingstonia, pomwe Kamuzu ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa ku Scotland, kholo lake la sinodiyo. Mpresbateriya atayankhula, zinavuta kunenanso kuti ndi chiwembu cha Akatolika okha.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mu Juni atsogoleri a CCAP pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches analembera Kamuzu, kenako panabadwa Public Affairs Committee, bungwe la atsogoleri a zipembedzo ndi magulu ena lokambirana ndi boma, ndipo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha matipate, kumpoto chiwerengero chikuposa pamenepo kutali. Sinodi ya Nkhoma, ya CCAP m'chigawo chapakati, sinayende nawo ulendowu, ndipo ambiri mwa ife olankhula Chichewa okhala kuno timachokera m'mabanja a mpingo umenewo. N'chifukwa chake nkhaniyi tikamaikamba timatsitsa mawu pang'ono.

Otsutsa abusa olankhula za dziko ali ndi mfundo yomwe sitingainyoze. Aona atsogoleri a mipingo akulandira maenvulopu pa misonkhano ya zipani, ena akupempherera wandale uyu lero, mawa wina. Koma pamene amaloza 1992 ngati chiyambi cha matendawa ndi pamene ndimasiyana nawo. Longwe anapita m'chitokosi, Roche anawoloka malire, ndipo Dayosizi ya Mzuzu inadikira mpaka 1995 kuti ipeze episkopi wake, Joseph Mukasa Zuza.