Tizilombo toyamba mwana amatitenga kwa mayi ake

Kusikelo timakhalira kunena kuti tizilombo ndi adani: sambani m'manja ndi sopo, thirani mankhwala m'madzi akumwa, vindikirani chakudya. Zonsezo n'zoona, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota sitinaiwale zimene kolera anatichita mu 2022 ndi 2023. Koma pali tizilombo tina timene ife azamba sitimatitchula kawirikawiri. M'matumbo mwa munthu aliyense wathanzi muli mabakiteriya miyandamiyanda amene amathandiza kugaya chakudya, kupanga mavitamini ena monga vitamini K, komanso kuzoloweretsa chitetezo cha m'thupi kuti chizidziwa chofunika kulimbana nacho ndi chofunika kuchisiya. Mwana sabadwa nato. M'chiberekero mulibe tizilombo kwenikweni, choncho toyambato amatilandira tsiku lobadwa, ndipo tambiri timachokera kwa mayi ake.

Thupi la mayi limakonzekera zimenezi mimba ikamakula. M'njira yoberekera mumachuluka mabakiteriya otchedwa Lactobacillus, amene amatulutsa asidi wolepheretsa tizilombo toipa kuswana. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva mayi woyembekezera akuti amatsuka m'kati ndi sopo kapena amaikamo zitsamba pofuna ukhondo. Zimenezo zimachotsa alonda aja. Akachepa, chikazi chimayamba kununkha, ndipo vutoli limayenderana ndi kubereka mwana masiku asanakwane. Nkhani imeneyi si yaing'ono kwathu kuno: lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana 18 pa 100 alionse akubadwa osakwana masiku. Kusamba kunja kokha ndi madzi oyera n'kokwanira, ndipo chikazi chikasintha fungo kapena mtundu, kanenani kusikelo.

Pobadwa, mwana amadutsa m'njira ija n'kumeza tizilombo ta pamenepo, kuphatikizapo ta m'matumbo mwa mayi, pakuti njira ziwirizi n'zoyandikana. Amayi ambiri amachita manyazi chimbudzi pang'ono chikatuluka pokankha. Ife sitidabwa nazo, timangopukuta ntchito n'kumapitirira.

Nanga wobadwa pa opaleshoni? Kafukufuku wa ku UK wofalitsidwa mu 2019, amene anatsatira ana pafupifupi 600, anapeza kuti m'masiku oyambirira anawa amakhala ndi tizilombo tochepa ta kwa mayi, koma tochuluka ta mtundu wopezeka m'zipatala monga Klebsiella ndi Enterococcus. Pofika miyezi 6 mpaka 9 kusiyanako kunali kutachepa kwambiri. Ndikufuna apongozi ndi agogo amve bwino apa, chifukwa mawu oti "waulesi, analephera kukankha" amavulaza, ndipo amachititsa ena kuchedwa kunyumba matenda atayamba. Opaleshoni imachitika mwana akagona mopingasa, akatopa, kapena njira ikachepa, ndipo imapulumutsa miyoyo iwiri. Tizilombo tingathe kubwezeretsedwa pambuyo pake. Kunja kuli ena amene amapaka mwana wotere chikazi cha mayi ake ndi kansalu, koma madokotala salimbikitsa zimenezo chifukwa zingampatsire mwana matenda, HIV ikhoza kukhala imodzi mwa iwo.

Chimene chimabwezeretsa ndi bere, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mu mkaka wa m'mawere muli mitundu yoposa 100 ya shuga amene mwana sangathe kumugaya. Mayi amawononga mphamvu zake kupanga chakudya chimene sichipita kwa mwanayo, chimapita kwa mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium. Iwowa akadya amaswana n'kudzaza matumbo, kenako amatulutsa asidi amene tizilombo totsegula m'mimba sitigwirizana naye. Zili ngati munda wa mbatata: kholowa akayanga bwino, udzu umasowa pomera. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poyesa ndi wonyansa, ndiwo wodzaza ndi chitetezo chimene chimakuta matumbo a khanda. N'chifukwa chake timamugoneka mwana pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, timafuna ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo timati asasambitsidwe mpaka patadutsa maola 24. Agadiyani ena amatiyang'ana ngati taiwala ntchito, koma n'chadala: mwana amafunda, ndipo mafuta oyera amene amabadwa nawo amateteza khungu lake.

Vuto limayambira m'chikuta. M'mwezi wa Okutobala kuno kumatentha moti munthu wamkulu sachedwa kumva ludzu, ndiye agogo mwachikondi amati kamwanako nakonso kamwe timadzi. Ena amapatsa madzi a zitsamba kuti m'mimba musapote, ena kaphala kamadzimadzi pa miyezi itatu poti mwana akuliralira. Supuni imodzi ya madzi a pachitsime kapena a kunyanja ikhoza kulowetsa tizilombo tachilendo m'matumbo amene sanakhwime, komanso imatenga malo a mkaka. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 kumatanthauza bere lokha, kupatula mankhwala ndi katemera wa kuchipatala.

Mankhwala nawonso tisamale nawo. Amoxicillin kapena Bactrim wogula pagolosale chifukwa cha chimfine sasankha, amapha tizilombo tabwino pamodzi ndi toipa, pamene chimfinecho sichimva n'komwe mankhwala amenewa. Koma adokotala akalembera mwana, amalize onse. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, amene amayamba Bactrim pa masabata 6, asadumphitse ndi tsiku limodzi lomwe.

Kuti tizilomboti timakhudza kakulidwe ka mwana, umboni wina waukulu unachokera kwathu konkuno. Ofufuza, mothandizana ndi gulu la wasayansi Jeffrey Gordon la ku Washington University ku America, anatsatira mapasa 317 awiriawiri a ku Malawi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. M'mabanja ambiri mwana mmodzi ankadwala matenda onyentchera kapena otupikana pamene mnzake, wodya m'mbale yomweyo, anali bwinobwino. Ofufuzawo anatenga tizilombo ta m'chimbudzi cha mapasawo n'kuika mu mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse. Mbewa zolandira tizilombo ta mwana wotupikana zinaonda kwambiri zitapatsidwa chakudya chofanana ndi chathu cha kumudzi. Chiponde cha kuchipatala chinathandiza, koma atasiya kuchipereka zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo.

Matumbo a mwana amafika pofanana ndi a munthu wamkulu akamakwana zaka zitatu. Choncho miyezi 6 ikakwana, phala lisakhale la ufa woyera kapena wa kondowole wokha. Thiranimo nsinjiro, usipa wosinja, nyemba zopota, masamba a chisoso kapena bonongwe, ndipo mpatseninso nthochi ndi mango pa nyengo yake, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.