Chotupa cha pamtsempha mwa mwana: chikayamba kusintha, musadikire

Mitsempha yonyamula mauthenga kuchoka ku ubongo kupita m'manja ndi m'miyendo ili ndi chikuto chake, monga waya wa magetsi. Nthawi zina maselo a chikutochi amachulukana mosalamulirika n'kukhala khansa imene madokotala amaitcha MPNST. Ndi yosowa kwambiri, makamaka mwa makanda, ndipo zotupa zambiri za ana si khansa ayi. Koma ikabwera sichedwa kukula, komanso imatha kufalikira ku mapapo.

Pafupifupi theka la odwala khansayi amakhala ndi matenda obadwa nawo otchedwa neurofibromatosis, a mtundu wa NF1. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 3,000 amabadwa nawo. Ena amatengera kwa bambo kapena mayi, ena amakhala oyamba m'banja lonse. Si ufiti, ndipo sapatsirana.

Posambitsa mwana masana, muyang'anitsitseni. Chizindikiro cha NF1 ndi mawanga osatukuka a bulauni, 6 kapena kuposa, lililonse lopitirira mamilimita 5. Pakhungu lakuda savuta kuwaphonya chifukwa amangoderako pang'ono kuposa khungu lozungulira. Pamakhalanso timadontho m'khwapa ndi m'mphechepeche, mwinanso chotupa chofewa pansi pa khungu. Mwa anthu 100 a NF1, pakati pa 8 ndi 13 amadzadwala khansayi m'moyo wawo, ambiri atakula kale. Mwana amene anawotchedwapo khansa ina ndi makina a kuchipatala (radiotherapy) nayenso ngofunika kumuyang'anira.

Chachikulu apa ndi kusintha. Chotupa chikhoza kukhala phee zaka zambiri, banja lonse n'kuchizolowera. Ndiye tsiku lina mwana ayamba kulira usiku, ululu wosamva Panado. Chotupa chija chimene chinali chofewa chalimba, kapena chakula m'masabata ochepa. Wamkuluko akuti dzanja likuchita dzanzi, supuni ikumupulumuka, akukoka mwendo. Khanda silinena, mungoona kuti mkono umodzi silikuutakasa, kapena likulira mukaligwira pamalopo. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kunyamukira.

Musachifinye, musateme mphini, musadikire kuti chiphulike ngati ndi chithupsa. Agogo akati tiyambe tayesa mankhwala achikuda, afotokozereni mwaulemu kuti masabata amenewo ndi amene chotupa chimazika mizu. Chotupa chikadali phee, ngati muli ndi foni, muzichijambula mwezi uliwonse mutaika ndalama yachitsulo pambali pake. Dokotala adzaona msanga mmene chakulira.

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe kapena Bangwe, mutatenga buku la kuchipatala la mwanayo. Nenani za mawanga aja, komanso ngati pali wachibale amene ali nawo. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene kuli wodi ya ana odwala khansa komanso Mercy James Centre, yochitira ana opaleshoni, imene inatsegulidwa mu 2017.

Kumeneko amajambula chotupacho n'kudulako kachidutswa kokayeza ku labotale, popeza maso okha sangatsimikize. Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni yochichotsa chonse, ndipo zimenezi zimatheka bwino chikadali chaching'ono. Mankhwala a khansa ndi kuwotcha ndi makina amawonjezera pamenepo, koma paokha khansayi siwamvera kwenikweni. Opaleshoni ikatha, musaphonye masiku obwerera kukaonedwa ngakhale mwana akusewera bwinobwino, chifukwa chotupachi chimatha kumeranso pamalo omwewo.